Kuphunzira Kunena Kuti "Ndalasidwa"



Ena mwa inu mwakhala mukundiona ndikutsimphina pokwera masitepe a holo ya parishi, ndipo mwakhala mukunong'onezana kuti kodi chandigwera n'chiyani. Lero ndiulule. Miyezi isanu yapitayo ndinalembetsa ku kalabu ina kuno ku Johannesburg kuti ndiphunzire masewero a malupanga, amene Angerezi amawatcha fencing. Amayi ena a mu mphakati wathu atamva anagwira pakamwa nati, "Akatekisiti, kodi mwasowa chochita? Munthu wamkulu ngati inu n'kumakatosana ndi ana ndi malupanga?" Ndinaseka nawo, koma funso lawo silinali lachibwana, ndipo liyenera kuyankhidwa. Ine ndikuti masewerowa ndi oyenera wachinyamata aliyense amene angapeze mwayi wowaphunzira, chifukwa amaphunzitsa chinthu chimene ambirife chimativuta koposa: kuvomera pamaso pa anthu kuti mnzako wakupeza.

Ndiyambe ndi kufotokoza mmene amachitikira, popeza ambiri tangowaonako pa kanema nthawi ya Olimpiki. Anthu awiri amaima moyang'anana pa kabwalo kopapatiza ngati kanjira ka m'munda, kotalika mamita 14. Aliyense amavala zoyera zolimba, golovesi ku dzanja logwira lupanga, ndi chisoti cha waya chophimba nkhope yonse. Malupanga ake ndi osathwa, ndi opindika, ndipo nsonga yake ndi yobuntha. Alipo a mitundu itatu. La foil silipitirira magalamu 500, ndipo umaloledwa kulasa thunthu lokha la mnzako, osati mutu, mikono kapena miyendo. La épée ndi lolemererapo, mpaka magalamu 770, ndipo thupi lonse, kuyambira kumutu mpaka kuphazi, ndi pololedwa. La sabre umatha kutema nalo, koma kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba basi. M'ndime zoyamba za mpikisano amapambana ndi amene wayamba kulasa kasanu, ndipo m'ndime zochotsana pamafunika kulasa ka 15. Masewerowa akhala ali pa Olimpiki iliyonse kuyambira ya ku Athens mu 1896, ndipo akazi anayamba kupikisana nawo mu 1924.

Koma amayi aja sanalakwe poopa lupanga, pakuti masewerowa anabadwira m'magazi. Zaka mazana angapo zapitazo ku Ulaya kunali mwambo woipa: munthu wolemekezeka akaona kuti mnzake wamunyoza, ngakhale ndi liwu limodzi lokha, ankamuitana kuti akakumane awiriwiri ndi malupanga enieni, ati pofuna kutsuka dzina lake. Anyamata ochuluka a m'mabanja otchuka anathera pamenepo. Mpingo unakana mwambowu poyera. Msonkhano waukulu wa ku Trent, m'chaka cha 1563, unalamula kuti omenyana motere pamodzi ndi owaperekeza achotsedwe mu Mpingo, ndipo wofera pa nkhondo yotereyi asaikidwe mwa mwambo wa Chikhristu. Ku France lamulo la mfumu linaletsanso mwambowu mu 1626, ndipo chaka chotsatira mkulu wina wotchuka, Montmorency-Bouteville, anadulidwa mutu chifukwa chomenyana dala pabwalo la pakati pa mzinda wa Paris. Komabe mwambowu unakanirira, kotero kuti mu 1891 Papa Leo XIII anayeneranso kulemba kalata youtsutsa.

Chimene malamulo analephera kuthetsa msanga, chinasinthika pang'onopang'ono m'nyumba zophunzitsiramo. Aphunzitsi a lupanga anabunthitsa nsonga, anaveka ophunzira zisoti, ndipo anaika malamulo a ulemu. Lupanga limene linkagwiritsidwa ntchito poteteza kunyada linasanduka chida chothyolera kunyadako. Chizindikiro chake ndi liwu lachifalansa lakuti touché, limene m'chinenero chathu tinganene kuti "ndakhudzidwa" kapena "ndalasidwa". Taonani bwino: amene amanena liwuli ndi wolasidwayo. Makina a magetsi owerengera mapointi asanabwere, nsonga inkathamanga kuposa diso la oweruza, ndipo kawirikawiri munthu mmodzi yekha ndiye ankadziwa zoona: amene wamva kugunda pachifuwa pake.

Pa Olimpiki ya 1932 ku Los Angeles, mtsikana wa ku Britain, Judy Guinness, ankalimbirana mendulo ya golide ndi Ellen Preis wa ku Austria. Oweruza sanaone kuti Preis wamulasa kawiri. Guinness akanangokhala chete, palibe akanamutsutsa. Iye anawauza yekha, ndipo golide anapita kwa mnzakeyo, iye n'kutenga siliva. Tsopano yerekezani ndi zimene zinachitika ku Montreal mu 1976, makina a magetsi atakhazikika kale. Boris Onishchenko wa ku Soviet Union, katswiri amene anali kale ndi mamendulo a Olimpiki m'masewero a mbali zisanu otchedwa modern pentathlon, anabisa kabatani m'chigwiriro cha épée yake, kotero kuti akakadina nyale inkayaka ngati walasa pomwe sanakhudze munthu. A timu ya Britain, makamaka Jim Fox, anazindikira kuti pali chinyengo; lupanga linafufuzidwa, ndipo iye anathamangitsidwa mu mpikisano. Wina anataya golide koma dzina lake likutchulidwabe mwaulemu patapita zaka zoposa 90. Wina anafuna kupambana popanda kulasa, ndipo mamendulo ake onse akale anakwiririka ndi manyazi a tsiku limodzi.

Nkhani ziwirizi ndinkazimva ngati nthano mpaka tsiku limene zinandifika pakhomo. Masabata oyamba ku kalabu sanandipatse n'komwe mdani. Ntchito inali ya miyendo yokha: kupinda maondo, phazi kutsogolo, phazi kumbuyo, kudumphira patsogolo ndi kubwerera, mobwerezabwereza mpaka ntchafu kuuma ngati nkhuni. Uko ndiye kutsimphina mwakhala mukukuonaku. Tsiku loyamba kumenyana, mphunzitsi anandiimika ndi kamtsikana ka zaka 12 kamene mutu wake sunkafika n'komwe paphewa panga. Mumtima ndinati ndikachitira chifundo. Akulu akale anati mwamuna mnzako n'pachulu, umalinga utakwerapo. Ine ndinapeza kuti chulucho chikhoza kukhala mwana wa sukulu ya pulayimale. Anandilasa kasanu mphindi imodzi isanathe, ine osamukhudza ngakhale kamodzi.

Chimene ndikufuna kukuuzani ndi chimene chinachitika mumtima mwanga nditavula chisoti. Ndinapsa mtima. Pakamwa panga panadzaza zifukwa: chisoti chinali chachikulu, nsapato zinkaterera, sindinamve bwino woyimbira. Mphunzitsi sanafune kumva zonsezo. Anangondifunsa kuti mwanayo wandilasa pati, ndipo ndinali kuchita chiyani pa nthawiyo. Sindinathe kuyankha, chifukwa nthawi yonse imene ndikanakhala ndikuphunzira ndinali kalikiliki kuteteza ulemu wanga. Ndinapita kunyumba ndikulingalira kuti ine, amene ndimaima kutsogolo kuphunzitsa ena, ndinali nditaiwala kalekale mmene zimawawira kukhala wosadziwa, ndiponso kuti sindinkakumbukira tsiku lomaliza limene ndinanena kwa munthu wocheperapo kuti, "Mwanena zoona, ndalakwa."

Achinyamata anzanga, tisadzinamize kuti mwambo wa ku Ulaya uja unatha ndi eni ake. Taganizirani ndewu zimene mwaziona chaka chino, kaya ku bwalo la mpira, kaya pa gulu la WhatsApp la kwaya, kaya kunyumba pakati pa inu ndi makolo anu. Ndi zingati zimene zinayamba pa nkhani yaikulu? Zambiri zimayamba ndi mawu akuti "wandinyoza" kapena "wandichititsa manyazi pagulu". Munthu amalolera kutaya bwenzi, ntchito ngakhale banja, kusiyana n'kuti avomere kuti mawu a mnzake amulasa pamalo oyenera. Masewero a malupanga amakuika pamalo pomwe umalasidwa makumi angapo pa madzulo amodzi, pamaso pa anthu, ndipo nthawi iliyonse umabwerera pamzere wako, n'kuimanso bwino, n'kuyambiranso. Pakutha pa miyezi ingapo thupi lako limaphunzira chimene mutu unkakana kumva, chakuti kulasidwa sikupha.

Palinso lamulo lina limene ndimalikonda kwambiri. Mu foil ndi sabre, onse awiri akalasana pa nthawi imodzi, pointi imapita kwa amene anali ndi ufulu woukira. Mnzako akayamba kukuukira, njira yoyamba imene umaphunzitsidwa ndi yakuti utchinge kaye lupanga lake, kenaka ubwezere. Ukangotambasula mkono mwaukali osasamala chimene chikubwera, ngakhale umukhudze, woyimbira amapereka pointi kwa iye. Lamuloli linaikidwa pokumbukira kuti pa lupanga lenileni kulasana nonse awiri ndi maliro awiri. Ndimati ndikalingalira mikangano yathu ya pa misonkhano, pomwe aliyense amaponya mawu ake mnzake asanamalize, ndimalakalaka tikanakhala ndi woyimbira wotikumbutsa kuti uyambe wayankha chimene wafunsidwa.

Tsopano ndiyankhe zodandaula zitatu zimene ndazimva, pakuti zonse zili ndi mutu.

Choyamba, ena akuti n'zoopsa. N'zoona kuti ngozi inachitikapo. Mu 1982, pa mpikisano wa dziko lonse ku Rome, lupanga linathyoka n'kuboola chisoti cha katswiri wa ku Soviet Union, Vladimir Smirnov, ndipo anamwalira patapita masiku ochepa. Imfa imeneyo inachititsa kuti malamulo a zida akhwimitsidwe: chitsulo chosathyoka msanga, nsalu zosabooka wamba, ndi zisoti zolimba kwambiri. Lero zovuta zambiri za wophunzira ndi mabala a mikwingwirima ndi kuwawa kwa maondo. Koma mverani ichi, makamaka inu a mu gulu la otumikira ku guwa: musayese kutengera zimenezi kuseri kwa tchalitchi ndi timitengo, mawaya kapena ndodo za maambulera. Popanda chisoti, diso limatayika kamodzi kokha. Safunsa anadya phula.

Chachiwiri, akuti n'zodula. Apa sindingatsutse. Zida zonse pamodzi ndi ndalama zambiri kwa mwana wa sukulu kapena kwa munthu wogwira maganyu amene akutumizanso kangachepe kumudzi. Komabe makalabu ambiri amabwereketsa chisoti, jekete ndi lupanga kwa oyamba kumene, ndipo ine mpaka lero changachanga ndi golovesi yokha. Musagule kanthu musanayese mwezi umodzi. Ndipo ngati ndalama ya masewero ikulanda ya fizi kapena ya lendi, dikirani, lupanga silithawa.

Chachitatu, akuti n'za Azungu ndi anthu olemera. Chiyambi chake n'chotero ndithu, koma lero si momwemo. Mu 2012 ku London, Alaaeldin Abouelkassem wa ku Egypt anapata siliva mu foil, mendulo yoyamba ya Olimpiki ya munthu woimira dziko la mu Africa m'masewerowa. Mu 2016 Inès Boubakri wa ku Tunisia anapata mendulo ya malo achitatu, ndipo mu 2024 ku Paris, Fares Ferjani wa ku Tunisia komweko anapata siliva mu sabre. Ku America, malemu Peter Westbrook, amene anakulira m'dera la anthu osauka ndipo anapata mendulo pa Olimpiki ya 1984, anakhazikitsa bungwe ku New York mu 1991 lophunzitsa ana a m'mabanja ovutika, ndipo ena mwa anawo anafika mpaka ku Olimpiki. Ku Italy, Bebe Vio anadulidwa miyendo ndi mikono ali ndi zaka 11 chifukwa cha matenda oumitsa khosi, koma anapata golide pa mpikisano wa Paralimpiki wa 2016 akumenya ali pa njinga ya olumala. Pamaso pa mtsikana ameneyu, ine ndi maondo anga owawawa ndilibe chonena.

Sindikunena kuti nonse muthamangire ku kalabu mawa. Ena muli kutali ndi kumene kumapezeka zoterezi, ndipo ena mtima wanu uli pa zina. Chimene ndikupempha n'chakuti aliyense wa ife akhale ndi chinthu chimodzi chimene akuchiphunzira kuyambira pansi, pomwe pali malamulo, pali mphunzitsi womudzudzula, ndipo pali wina wamng'ono womuposa. Kwa inu amene mungathe kufika kumene kuli malupanga, pitani mukaone kamodzi, mukavale chisoti, mukamve mmene mtima umagundira woyimbira akati yambani. Musayembekezere kupambana msanga. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Sabata yatha ndinaimanso ndi kamtsikana kaja, popanda makina, tikuwerenga tokha. Anandilasa kasanu, ine kawiri. Pa kachitatu kake nsonga inangondipsepsa m'nthiti, mwakuti iye mwini sanadziwe, ndipo anali atayamba kale kubwerera pamzere wake. Ndinaima kanthawi, kenaka ndinakweza dzanja n'kuloza pamalopo. Zinali zazing'ono, panalibe mendulo, panalibenso woonerera. Koma ndikudziwa kuti miyezi isanu yapitayo ndikanakhala chete.

Sabata ino tiyeni tidzifunse, aliyense payekha: ndi liti pamene ndinavomera komaliza kuti mnzanga wanena zoona, popanda kuwonjezera "koma"? Kodi pali munthu amene ndinasiya kulankhula naye chifukwa chakuti mawu ake anandilasa pomwe panali pofunika? Ngati alipo, Lamulungu lisanafike, mufunefuneni.

Mukhale ndi sabata yabwino, ndipo tikumanenso pa tsamba lino sabata yamawa.