Mlendo si mame nthawi zonse

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Mwambi umenewu ndinaukonda kuyambira ndili mwana, koma ndikakumbukira zimene zinachitikira banja la Undi kuno ku Makanga, ndimaona kuti umafunika kuutafuna bwino tisanaumeze.

Undi sanali nyakwawa ya kamudzi. Likulu lake linali ku Mano, ndipo mafumu a Achewa ndi Ansenga ankamupatsa mitulo ya minyanga ya njovu. Kenaka m'zaka za m'ma 1700 kunabwera mwamuna wochokera ku Goa, Gonçalo Caetano Pereira, amene anthu anamutcha Dombo Dombo. Ankafuna golide. Mwana wake Manuel anayenda ulendo wamalonda mpaka kwa Kazembe mu 1796. Mbiri imati wina wa banjalo, Pedro Caetano Pereira, anathandiza Undi pankhondo ndi mfuti za achikunda ake, nakwatira m'banja lachifumu, napatsidwa dziko la Makanga.

Apa m'pamene ndimaima. Undi sanagonje tsiku limodzi pabwalo la nkhondo. Anapereka malo kwa mkamwini, ndipo mkamwiniyo anamanga linga. Minyanga ija inayamba kupita kwa mlendo, mafumu aang'ono n'kuzindikira kuti wamfuti ndiye woyenera kumuopa. Angoni a Maseko pokhazikika ku Domwe anapeza ufumu utafumbwa kale ngati chimanga cha m'nkhokwe yodontha.

Nawonso a Pereira sanakhalitse. Apwitikizi amene ankawasisita pamsana ndi maudindo ndi omwewo anathyola Chinsinga wa banjalo mu 1902, ufumu wa Makanga n'kuthera pomwepo. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Undi naye anasamuka ku Mano m'zaka za m'ma 1930, ndipo lero mafumu athu amachita kudumpha malire mu Ogasiti kuti akalambe kwa iye ku Mkaika, ku Katete.

Wina anena kuti mlendo ndiye amabwera ndi kalumo kakuthwa. Inde, sindikukana: fodya wa ku Furancungo ndi mbatata za ku Tsangano zimafuna ogula, misewu imafuna ndalama. Koma kalumo kameneko kamameta yani? Funsani mabanja oposa 1,000 a ku Moatize amene anasamutsidwira ku Cateme ndi malo ena kuti kampani ya Vale ikumbe malasha. Mu 2022 kampaniyo inagulitsa mgodi n'kupita. Mabanja aja akadali komweko.

Choncho inu mafumu ndi alembi a m'midzi, akabwera wagalimoto yowala atanyamula mapepala ofuna malo, musasainire kuseri kwa nyumba. Itanani mudzi wonse, amayi omwe, popeza kwathu kuno munda ndi wa mbumba. Mumufunse kuti akhala zaka zingati, ndiponso kuti akadzachoka, adzasiya nthaka m'manja mwa yani.