Mukamasuntha mapologalamu pa wailesi mumafunsa ndani?

Akuluakulu a nyumba zoulutsira mawu m'dziko muno ali ndi khalidwe lina lotopetsa. Amangodzuka n'kusuntha pologalamu imene anthu akhala akuitsatira kwa zaka, kapena kuchotsa muulutsi amene anthu anamuzolowera, popanda ngakhale kachidziwitso. Womvera akatsegula wailesi pa nthawi yake ija amapeza mawu achilendo, pena sing'anga akutsatsa mankhwala obweza mwamuna wothawa banja. Akaimba foni kuti afunse, amamudula. Akadandaula pa Facebook, amamuyankha kuti apitirize kumvera wailesi yake yapamtima. Inu mukufuna tizikumverani, nanga inuyo mumatimvera liti?

Mabwana amenewa amakhala ku Blantyre ndi ku Lilongwe, komwe munthu akaphonya pologalamu amakaipeza pa foni. Amalawi ambiri ali kumudzi, komwe waya wa ESCOM sanafike. Kumeneko wailesi siyatsidwa tsiku lonse, chifukwa mabatire ndi ndalama ndipo kutchajitsa foni pa sola ya pagolosale n'kolipira. Munthu amatsegula pa nthawi yoikika: ya nkhani, ya mauthenga achisoni, ya ulimi, ya sewero. Ikatha amatseka. Tsono wina akatenga pologalamu ya alimi n'kuiika m'mawa, mlimiyo ali kumunda ndi khasu, waipha basi, ngakhale pa ndandanda ya mu ofesi ikuoneka kuti ilipo. Mayi amene anasunga batire kuti amve Zokonda Amayi n'kupeza msonkhano wachipani, amubera. Ndipo kumbukirani kuti pologalamu imeneyi inabala magulu a amayi m'maboma ambiri, ovala yunifolomu yawoyawo, oyenderana pa maliro ndi pa matenda. Anthu otere mungawasinthire nthawi ngati mukusuntha mpando mu ofesi mwanu?

Matendawa ndi akale. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo patangotha zaka zinayi, mu 1968, msonkhano waukulu wa chipani cha MCP unagamula kuti Chichewa ndicho chiyankhulo cha dziko. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Palibe anapita ku Rumphi kapena ku Mzimba kukafunsa omvera. Chinabwerera mu 1994, ulamuliro wa zipani zambiri utayamba, ndipo Chiyao, Chilomwe, Chisena ndi Chitonga zinapeza malo pambuyo pake. Zaka 26 anthu a chigawo chathunthu akumva wailesi ya dziko lawo ikuyankhula mowadumpha! Nthawi imeneyo tinkati ndi ulamuliro wankhanza. Nanga lero, pamene kulibe Payoniya wotiopseza, chowiringula n'chiyani?

Chowiringula chake ndi ndalama ndi ndale. Amene ali ndi thumba lolemera ndiye amagula nthawi yabwino ya madzulo: mneneri wolonjeza zozizwa, kampani ya juga yotchova pa mpira, bungwe lobwera ndi uthenga umene linalemba kale mu Chingerezi. Sindikana kuti wailesi imafuna ndalama. Jenereta imamwa dizilo, antchito amafuna malipiro, laisensi ya MACRA siyaulere. Koma wotsatsa malonda amalipira chifukwa akudziwa kuti kuseriko kuli makutu athu. Katundu amene mukugulitsayo ndife. Kunyoza womvera pofuna kusangalatsa wotsatsa ndi uchitsiru wa pa bizinesi, tisanafike n'komwe pa nkhani ya ulemu.

Za ndale ndiye musakambe. Boma lililonse limene lakhalapo lapeza njira yolowetsa dzanja mu ndandanda ya wailesi ya boma. M'nthawi ya Bingu wa Mutharika kunali Makiyolobasi, pologalamu yonyogodola otsutsa boma, ndipo aphungu otsutsa atakwiya anapatsa MBC ndi TVM K1 yokha iliyonse mu bajeti. Andale ankamenyana, womvera wolipira msonkho ali duu, palibe womufunsa. Mpaka lero mtsogoleri akakhala ndi msonkhano, mapologalamu a tsikulo amagwa onse, ndipo nthawi zambiri palibe wonena kuti abwerezedwa liti.

Ena amati ukadana nazo sintha siteshoni, mawailesi ndi mbwee. Zoona, MBC Radio 2 inabwera mu 1997, Capital FM mu 1999, Zodiak mu 2005, kuphatikizapo mawailesi a mipingo ndi a m'madera monga Dzimwe ku Mangochi. Koma yankho limeneli ndi lachipongwe. Wailesi ya boma timailipira tonse, sitingaithawe ngati golosale ya munthu. Komanso amene amamvera nkhani za Chisena kapena Chitonga kwa mphindi zochepa patsiku, mukamusunthira nthawi apite kuti?

Pa nkhani ya aulutsi, omvera nafenso tili ndi zathu. Alipo amene amafuna mawu amodzimodzi mpaka mwini wake atalowa m'manda, ndipo wachinyamata aliyense watsopano amamutukwana sabata yoyamba. Kumeneko n'kulakwa, amene timawatamanda lerowa nawonso anayamba akunjenjemera. Koma madandaulo ambiri ndi omveka. Munthu wodziwa kufunsa nduna funso mpaka ichite thukuta amasowa mwadzidzidzi boma likasintha, m'malo mwake mukubwera wina wongopereka moni kwa anzake a kusukulu, kuyankhula pamwamba pa nyimbo, ndi kusakaniza Chingerezi m'chiganizo chilichonse ngati Chichewa chikumuwotcha pakamwa. Womvera akanena zimenezi sikuti ndi nsanje. Wamva ndi makutu ake.

Chondipweteka kwambiri n'chakuti mawailesiwa akudziwa bwino mphamvu ya omvera akafuna kuigwiritsa ntchito. Pologalamu ya Nkhani za M'maboma inatchuka chifukwa cha nkhani zotumizidwa ndi anthu wamba, mpaka katswiri wina, Harri Englund, anailembera buku lathunthu mu 2011. Tsiku lililonse mumatipempha kuti tiimbe foni, titumize mauthenga, tiwononge mayunitsi athu posankha nyimbo. Maganizo athu ndi okoma pamene akudzaza mphindi zanu, koma akakhudza ndandanda asanduka phokoso.

Zimene tikupempha sizifuna ndalama ya boma kapena ya mabungwe akunja. Lengezani kusinthako pa wailesi pomwepo kudakali masabata awiri, m'ziyankhulo zonse zimene mumaulutsa, ndipo nenani chifukwa chake. Muulutsi akamachoka muloleni atsanzike. Kamodzi pamwezi mkulu wa mapologalamu akhale mu situdiyo, foni zitsegulidwe, ayankhe yekha popanda kusankha oimba. Ndipo inu omvera anzanga, kulalata pa Facebook kokha sikukwanira. Lemberani wailesiyo, lemberani MACRA, ndipo kalata yachitatu ipite kwa kampani imene imalipira pologalamuyo, chifukwa imeneyo ndiye mabwanawa amaiopa.