Kodi Opempha Awa ndi Ana a Yani?

Abale ndi alongo a m'nthambi zathu zonse za kunyanja, kuyambira ku Chipoka mpaka ku Senga Bay, ku Lifuwu ndi kwa Makanjira, nkhani imene tifuna kuika pabwalo mwezi uno ndi ya anthu opemphapempha ndi anthu osowa pogona. Nkhaniyi imamveka kawirikawiri m'misonkhano yathu, koma imamveka ngati dandaulo chabe. Ena amati opempha achuluka pa Kamuzu Road ndi pa depoti ya basi, ndipo akuchititsa manyazi boma lathu la Salima pamaso pa alendo. Ena amati onsewo ndi alesi, apolisi angowasesa tsiku limodzi kuti tauni iyere. Ife tikuti maganizo amenewa ngolakwika. Tifuna kuonetsa kumene anachokera, ndi chimene nthambi iyenera kuchita m'malo mwake.

Tiyambe ndi liwu lija timalitchula mosaganizira, lakuti vakabu. Liwu limeneli silinabadwire m'mudzi uliwonse wa kuno. Ndi liwu la Chingerezi la m'khoti limene pakamwa pathu panalikhotetsa. Mu 1824 nyumba ya malamulo ya ku England inapanga lamulo lolanga munthu wopempha pamsewu ndi munthu wogona panja. Nkhondo yolimbana ndi Napoleon inali itatha mu 1815, ndipo asilikali ambiri anabwerera kwawo opanda ntchito, ena ali olumala, nadzaza m'misewu ya London. Eni chuma sanafune kuwaona, choncho anasandutsa umphawi kukhala mlandu. Atsamunda anatenga maganizo omwewo nawalemba m'buku la malamulo a milandu la Nyasaland, limene linayamba kugwira ntchito mu 1930. Gawo limene tinadzalidziwa ngati 180 linati wopempha pamalo a anthu onse ndi wolakwa, ndipo gawo 184 linalola wapolisi kugwira munthu wopezeka pamsewu ngati wapolisiyo akuganiza kuti munthuyo ali ndi cholinga choipa. Lamulo lotere linakomera mwini esiteti wofuna manja a thangata ndi wokhometsa msonkho wa nyumba, pakuti kwa iwo munthu wakuda woyenda popanda bwana anali kale wokayikitsa.

Tinalandira ufulu mu 1964, mbendera inasintha, koma lamulo lija linatsala ndipo linagwira amphawi zaka zina zoposa 50. Amene analigwedeza sanali nduna kapena munthu wophunzira kwambiri. Anali wogulitsa majumbo, Mayeso Gwanda, amene apolisi anamgwira m'bandakucha mu Malichi 2015 ku Blantyre ali paulendo wopita ku Limbe kukachita malonda ake. Iye anakana kuvomera mlandu wa vakabu, nkhani inakwera, ndipo pa 10 Januwale 2017 Khoti Lalikulu linagamula kuti chigawo cha 184(1)(c) chitsutsana ndi malamulo aakulu a dziko lino. Pa 4 Disembala 2020 khoti la Africa loona za ufulu wa anthu, limene limakhala ku Arusha m'dziko la Tanzania, linanenanso kuti malamulo a vakabu amalanga munthu chifukwa cha usiwa wake, ndipo maiko ayenera kuwachotsa. Ngakhale eni ake ku Britain anavomereza mu 2022 kuti lamulo lawo la 1824 lichoke. Nanga ife, amene makolo athu anazunzika nalo, tikulisungiranji m'mitima mwathu? Membala amene amafuula kuti opempha aseseredwe akulankhula ndi pakamwa pa mtsamunda, ngakhale iye mwini sadziwa.

Tsopano tiyeni tifunse funso limene mfumu imafunsa munthu akafika pabwalo: kwanu nkuti, ndipo ndiwe mwana wa yani? Palibe munthu anagwa kumwamba nafikira pa khonde la sitolo. Tikawayang'ana bwino anthu amenewa tipeza kuti njira zimene zinawafikitsa pamenepo tikuzidziwa tonse. Pali mayi wamasiye amene abale a mwamuna anamlanda nyumba, bwato ndi maukonde maliro asanazizire. Pali gogo amene adzukulu ake anamtchula mfiti mwana atamwalira ndi malungo, namgwetsera nyumba. Pali mlovi amene anakoka khoka zaka zake zonse, msana utatha mwini zida anatenga mnyamata wina. Pali wakhungu ndi wolumala amene banja linatopa naye. Pali wodwala misala amene anamangidwa pamtengo m'malo motengeredwa ku chipatala. Pali banja limene malo ake a m'mbali mwa nyanja anagulitsidwa kwa omanga nyumba za alendo, ndalama nkudyedwa ndi ochepa. Pa njira zonsezi, ndi iti imene inayambira ku tauni? Zonse zinayambira m'midzi mwathu, ndipo zina zinachitika ife tikuona, tili chete.

Amene amanyoza wogona panja akumbukire usiku wa pa 10 Malichi 1989, pamene chivomerezi chinagwedeza Salima. Anthu 9 anafa ndipo anthu pafupifupi 50,000 anatsala opanda nyumba. Mwa iwo munali mafumu, aphunzitsi, akulu a mpingo ndi mashehe, ndipo onse anagona pabwalo ndi ana awo. Palibe anawatchula vakabu. Akumbukirenso njala ya 2002, pamene President Bakili Muluzi analengeza mu Febuluwale kuti dziko lili pa ngozi, ndipo Salima anali mmodzi wa maboma amene anavutika koposa. Chaka chimenecho alimi olimbika, amene nkhokwe zawo zinali zodzaza zaka zonse, anagulitsa mbuzi ndi mapoto pamtengo wa bowa, nayenda khomo ndi khomo kupempha gaga. Posachedwa pompa, mu 2024, nyanja inakwera nilowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mphepete mwake, ndipo inaonongera wosauka ndi mwini hotela mofanana. Ife a kunyanja tidziwa bwino kuposa ena kuti pakati pa mwini nyumba ndi wopempha pali mwera umodzi wokha. Akulu anati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Sitikubisa kuti nkhaniyi ili ndi mbali ina. Alipo amene amapempha m'mawa namwera ndalamazo kachasu madzulo. Alipo makolo amene amatuma ana kukaima pa gombe la Senga Bay kudikira alendo, popeza aona kuti mwana wotambasula dzanja amabweretsa zambiri kuposa tsiku la ganyu. Alipo amene amatenga mwana wa sukulu kuti azitsogolera wakhungu tsiku lonse, mwanayo nakula wosadziwa kulemba dzina lake. Izi nzoipa, ndipo nthambi isachite mantha kuzidzudzula. Lamulo loteteza ana la 2010 lilipo chifukwa cha zinthu zotere. Koma onani kuti pa milandu imeneyi wolakwa ndi wamkulu wotuma, ndipo mwana ndiye wolakwiridwa. Kumthamangitsa mwanayo ndi chikoti sikumbwezera m'kalasi; amangosamukira pa gombe lina, kapena kukwera lole yopita ku Lilongwe kumene sitidzamuonanso. Ndipo chidakwa chimodzi chisatipatse chifukwa chotsekera chitseko amasiye khumi.

Tinenenso za ife amene timapatsa. Kupatsa nkuika, ndipo sitiletsa munthu kupereka. Abale athu Achisilamu amapereka sadaka Lachisanu, Akhristu amasonkha za osauka m'mipingo, ndipo ambiri akhala moyo chifukwa cha zimenezi. Koma kandalama koponyedwa m'mbale munthu akuyang'ana kumbali kamagula chakudya cha tsiku limodzi, ndipo kamagulira woponyayo mtendere wa mumtima kuti asafunse funso lililonse. Sabata yamawa wopempha adzakhala pomwepo, nyumba yake ili m'manja mwa amene anamlanda. Wothamangitsa ndi woponya kandalama afanana pa chinthu chimodzi: onse awiri sadziwa dzina la munthuyo.

Makolo athu sanachite chotero. Pa chidyerano mabanja ankasonkhanitsa nsima pamodzi, ndipo mwana wamasiye ankatambasula dzanja m'mbale imodzi ndi mwana wa mfumu. Pa dooko, khoka ikafika kumtunda, aliyense amene anagwira chingwe ankapita ndi ndiwo, ndipo nkhalamba yoima pambali sinkabwerera chimanjamanja. Imeneyi sinali mphatso yochititsa manyazi. Linali gawo la munthu chifukwa ndi wa pamudzi. Ndipo tisanene kuti malamulo a makolo anatha mphamvu. Ku chilumba cha Mbenji, mfumu yaikulu Makanjira ndi anthu ake amatseka usodzi mu Disembala natsegula mu Epulo, ndipo asodzi amamvera, kotero kuti anthu ochokera kutali amabwera kudzaphunzira. Ngati tili ndi nzeru ndi mphamvu zosungira utaka kuti usathe m'nyanja, tingalephere bwanji kusunga nkhalamba kuti isathere pa khonde?

Boma lili ndi mbali yake, ndipo tiyenera kulikumbutsa. Ndondomeko ya Mtukula Pakhomo inayamba ku Mchinji mu 2006 ndipo inafalikira m'maboma onse. Imathandiza mabanja osaukitsitsa amene alibe munthu wamphamvu wogwira ntchito. Koma dzina lake lomwe likutiuza vuto: thandizo limapita pakhomo, ndipo kalembera amayenda m'midzi. Munthu amene alibe khomo, amene dzina lake linafufutika m'buku la nyakwawa, ndiye woyamba kuphonyedwa ngakhale ali wosauka kuposa onse. Mlembi wa ku boma sangadziwe kuti gogo wogona pa msika ndi wa mudzi wakutiwakuti. Amene angadziwe ndife.

Choncho tikupempha nthambi iliyonse ichite zinthu izi mvula isanagwe.

Choyamba, wapampando asankhe anthu anayi, amayi awiri ndi abambo awiri, oti ayendere msika, depoti, madooko ndi makonde a m'dera lawo. Akhale pansi ndi munthu aliyense wopempha kapena wogona panja, amlonjere monga alonjera mkulu, ndipo ngati iye alola alembe dzina lake, mudzi wake, mfumu yake ndi chimene chinamchotsa kwawo. Buku limeneli lisungidwe ndi mlembi, lisawerengedwe pa msonkhano.

Chachiwiri, pamene munthu anachoka chifukwa cholandidwa chuma, nthambi imperekeze ku bwalo la mfumu, ndipo zikakanika kumeneko, ku ofesi ya DC kapena ku khoti. Lamulo la chuma cha masiye la 2011 linanena poyera kuti kulanda katundu wa mkazi wamasiye ndi ana ake ndi mlandu. Pamene munthu anapirikitsidwa ndi dzina la ufiti, akumbutseni abale ake kuti kutchula munthu mfiti kunaletsedwa ndi lamulo kuyambira 1911. Wolanda akapezeka kuti ndi membala wathu, tisambise chifukwa cha khadi.

Chachitatu, dzina la aliyense amene wabwerera kwawo lipite kwa nyakwawa ndi ku komiti ya chitukuko cha m'mudzi, kuti pa kalembera wotsatira asadumphidwe. Achinyamata a nthambi aumbe njerwa ndi kumweta udzu. Nyumba ya chipinda chimodzi siitenga mwezi anthu akagwirizana. Koma tisamkakamize munthu kubwerera kumene akuopa kuphedwa. Wotereyo timpezere malo kwa mfumu ina, monga makolo ankalandirira obwera.

Chachinayi, wodwala misala apite ku chipatala cha boma ku Salima, kumene angamuone ndi kumtumiza ku Zomba ngati kufunika. Matenda amenewa ali ndi mankhwala, ndipo unyolo suli m'gulu la mankhwalawo. Tiletse ana athu kumgenda ndi kumuimba nyimbo.

Chachisanu, mwana aliyense wopezeka akupempha pa nthawi ya sukulu, nthambi ikaonane ndi makolo ake pamodzi ndi mphunzitsi wamkulu. Sukulu ya pulayimale ndi yaulere kuyambira 1994; ngati chosowa ndi yunifolomu kapena makope, thumba la nthambi lingathe. Ngati mwanayo ndiye maso a kholo lakhungu, akulu asinthane kutsogolera kholo kuti mwana apite m'kalasi. Eni mahotela ndi operekeza alendo tiwapemphe aziuza alendo awo kuti mphatso ya ana ipite ku sukulu, isaperekedwe pa mchenga.

Chachisanu ndi chimodzi, tikambirane ndi makomiti a m'madooko ndi eni maukonde kuti mwambo wa ndiwo za nkhalamba ubwerere, ndi kuti mlovi wovulala pa ntchito asatayidwe ngati ukonde wong'ambika.

Ntchito imeneyi ilibe nduna yodzadula riboni, ndipo ambiri mwa anthu amene tiwathandize alibe ngakhale chitupa chovotera. Ena adzatinyoza kuti tataya nthawi. Koma nthambi imene imadziwa kuwerenga mamembala ake pa chisankho iyenera kudziwanso kuwerenga anthu ake ogona panja. Pa msonkhano wa mwezi wamawa mlembi aliyense abwere ndi yankho la mafunso atatu: m'dera lanu muli angati, kwawo nkuti, ndipo mwaperekeza angati ku bwalo la mfumu. Tiyeni tigwire ntchito, abale.