"Dzilimireni": Langizo Lopanda Munda

Mazira akangokwera mtengo, alangizi sachedwa kutulukira ndi liwu limodzi: "Dzilimireni!" Ena amaonjezera kuti aliyense awete nkhuku pakhomo. Mneni wolamulayu ngwokoma pakamwa, koma amabisa funso lalikulu: alime pati? Munthu wochita lendi kachipinda kamodzi ku Ndirande kapena ku Mtandire alibe bwalo, ndipo madzi amagula pa ndowa. Kodi khola alimange padenga?

Dzira silidadule chifukwa cha ulesi wa anthu a m'tauni. Mu Novembala 2023 mphamvu ya kwacha ya Malawi idatsitsidwa ndi 44 peresenti, ndipo chakudya cha nkhuku zoikira, chopangidwa ndi chimanga ndi soya, chidakwera mtengo. Chaka chomwecho ku South Africa chimfine cha mbalame chidaphetsa nkhuku mamiliyoni, mpaka masitolo ena adayamba kugulitsa mazira mowerengera. Dimba la kuseri kwa nyumba silingachize nthenda zoterezi.

Kulima pakhomo nkwabwino kwa amene ali ndi malo. Koma wolangiza ayambe wanena za malo, madzi ndi katemera wa chitopa. Popanda zimenezi, langizolo ndi njira yaulemu yosenzetsera wosauka mlandu wa umphawi wake.