Kugwa kwa Chicago White Sox: Mlandu Uli kwa Yani?

Pa 27 September 2024, mu mzinda wa Detroit ku America, timu ya baseball yotchedwa Chicago White Sox inagonja kwa Detroit Tigers ndi mapointi 4 kwa 1. Kumeneku kunali kugonja kwa nambala 121 m'chaka chimodzi, ndipo chiyambire 1901 panalibe timu ina mu ligi yaikulu ya dzikolo imene inagonjapo kochuluka chotere. Mbiri yochititsa manyaziyi inali m'manja mwa New York Mets, imene inagonja maseŵero 120 mu 1962, koma Mets inali ndi pothaŵira pakuti chimenecho chinali chaka chake choyamba. White Sox inali ndi zaka zoposa 120, ndipo zaka zitatu zokha m'mbuyomo, mu 2021, inali itapambana maseŵero 93 nkukhala patsogolo m'gulu lake. Timu yotere siigwa chagada popanda woikankha, choncho nkoyenera kufunsa kuti mlanduwo uli kwa yani.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, mpofunika kulongosola pang'ono za maseŵeraŵa. Mu baseball matimu aŵiri amasinthana ntchito kwa ndime 9. Timu imodzi imaika woponya pakati pa bwalo, ndipo iye amaponya kampira kolimba kwa womenya wa timu inayo, amene amakhala atagwira ndodo. Womenya akaumenya mpirawo amathamanga kuzungulira ngodya zinayi, ndipo akabwerera pamene anayambira timu yake imapeza pointi imodzi. Akaumenya mpaka kudumpha mpanda wa bwalo amazungulira ngodya zonse popanda womletsa, ndipo kumenya kotere eni ake amakutcha home run. Ntchito ya woponya ndi anzake otchinga bwalo ndiyo kutulutsa omenya atatu pa ndime iliyonse asanapeze mapointi. Ligi yaikulu ili ndi matimu 30, ndipo timu iliyonse imaseŵera maseŵero 162 pa chaka, pafupifupi tsiku ndi tsiku kwa miyezi isanu ndi umodzi. Pa ulendo wautali chotere mwai ndi tsoka zimafafanizana, chotsala nkukhala mphamvu yeniyeni ya timu. White Sox inapambana 41 okha.

Chilema chachikulu chinali pa omenya. Chaka chonse timuyi inapeza mapointi 507, ndiye kuti atatu pa maseŵero alionse, ndipo panalibe timu ina mwa 30 zija imene inapeza ochepa kuposa pamenepa. Ma home run ake anali 133, ochepetsetsanso mu ligi yonse. Anyamata atatu amene anali nsanamira za timuyi, Eloy Jiménez, Luis Robert Jr. ndi Yoán Moncada, onse anavulala masabata aŵiri oyamba asanathe. Moncada anaseŵera maseŵero 12 okha chaka chonse. Robert, amene mu 2023 anamenya ma home run 38, mu 2024 anamenya 14. Wina anganene kuti limeneli linali tsoka, pajatu tsoka silinunkha. Komatu anyamata ameneŵa anali atavulalapo kaŵirikaŵiri zaka zam'mbuyo, ndipo akuluakulu a timu ankadziŵa bwino lomwe. Munthu wodziŵa kuti denga lake limadontha, nafika mwezi wa December osafolera, sangaimbe mlandu mvula. Pamene atatuŵa anagwa, kumbuyo kwawo kunalibe oloŵa m'malo okhwima.

Kumbali ya oponya zinthu zinali zosiyanako, ndipo mpamene pakuonekera poyera kuti munthu mmodzi sangapulumutse timu yodwala. Garrett Crochet, mnyamata woponya ndi dzanja lamanzere amene anachitidwa opaleshoni ya chigongono mu 2022, anapatsidwa kwa nthaŵi yoyamba udindo woyamba maseŵero. Iye anachita zodabwitsa: anatulutsa omenya 209 osaŵalola kuukhudza bwino mpira, ndipo anasankhidwa kukhala mmodzi wa akatswiri a ligi chaka chimenecho. Komabe m'kaundula munalembedwa kuti anapambana 6 nagonja 12, chifukwa woponya angaponye bwino chotani, ngati anzake sakupeza mapointi ntchito yake imangopita pachabe. Chaka chotsatira, ataponyera timu ya Boston Red Sox, Crochet yemweyo anapambana 18. Dzanja linali lomwelo, chimene chinasintha ndi anthu omzungulira. Kuonjezera apo, oponya othandiza, amene amaloŵa kumapeto woyamba uja akatopa, ankataya kaŵirikaŵiri maseŵero amene timu inali itatsogola kale. Pomatha chaka White Sox inali itapereka mapointi 813 kwa adani, asanu pa maseŵero alionse. Wopeza atatu napereka asanu tsiku ndi tsiku safunikira wolosera kuti amuuze mathero ake.

Koma omenya ndi oponya samadzisankha okha. Alipo anthu a mu ofesi amene amagula, kugulitsa ndi kusinthanitsa oseŵera, ndipo muzu wa nkhaniyi uli kumeneko. Mu December 2016 akuluakulu a White Sox anaganiza zogwetsa nyumba kuti amange ina. Anapereka woponya wawo wamkulu Chris Sale ku Boston natenga Moncada ndi Michael Kopech. Anapereka Adam Eaton ku Washington natenga oponya atatu achinyamata, mmodzi mwa iwo Lucas Giolito. Mu July 2017 anapereka José Quintana kwa anansi awo a Chicago Cubs natenga Jiménez ndi Dylan Cease. Nzeru imeneyi siinali yoipa, ndipo zipatso zake zinaoneka mu 2020 ndi 2021 pamene timuyi inafika m'mipikisano yotsiriza. Cholakwa chinali chakuti mbande zonsezi zinali zogula. Timu iliyonse ya ligi yaikulu ili ndi matimu ake aang'ono m'matauni akumidzi, kumene anyamata amaphunzitsidwa zaka zitatu, zinayi kapena zisanu asanakwezedwe. Imeneyo ndiyo nazale ya timu, ndipo nazale ya White Sox inkatulutsa zochepa. Ngakhale mbande zabwino zimene zinalimo eni ake sankazizindikira: mu June 2016 anapereka ku San Diego mnyamata wa zaka 17, Fernando Tatis Jr., posinthana ndi woponya wotopa kale, ndipo mnyamatayo anadzakhala mmodzi wa akatswiri otchuka a ligi yonse.

Pamene zogula zija zinayamba kufota, panalibe zobwezeretsa. Mu 2022 timuyi inapambana 81 nigonja 81, mu 2023 inagonja 101. Ndipo kugulitsa kunayambanso. Jake Burger anaperekedwa ku Miami mu August 2023, namenya ma home run 29 kumeneko mu 2024, pamene ku Chicago wopambana onse anamenya 20. Cease anaperekedwa ku San Diego mu March 2024, ndipo mu July chaka chomwecho anaponya maseŵero athunthu popanda mdani ndi mmodzi yemwe womenya mpira wofikitsa pa ngodya yoyamba. Kopech, amene ku Chicago ankaoneka ngati wolephera, anaperekedwa ku Los Angeles Dodgers kumapeto kwa July, ndipo miyezi itatu yokha itapita anali m'gulu lotenga chikho cha World Series. Anthu akamafota pakhomo pako nkumakaphukira kwa anzako, nthenda ili m'dothi la pakhomopo.

Nanga akuluakulu anachitapo chiyani? Pa 8 August 2024, timu itangotha kugonja maseŵero 21 motsatizana, anachotsa ntchito mphunzitsi wamkulu Pedro Grifol, amene pa nthaŵiyo anali atapambana 28 ndi kugonja 89. Woloŵa m'malo mwake mogwirizira, Grady Sizemore, anapambana 13 nagonja 32. Kusiyana kwake nkochepa, ndipo kukutsimikiza kuti kuchotsa mphunzitsi kunali kudula nthambi, tsinde likadali chilili. Tsindelo ndi mwini timu, Jerry Reinsdorf, amene anaigula mu 1981 pamodzi ndi anzake. Munthuyu amadziŵika ndi kukhulupirika kwa antchito ake, khalidwe limene pakhomo nlotamandika koma pa ntchito limatha kusanduka khungu. Mu October 2020 timu inabweza mnzake wakale Tony La Russa, wa zaka 76, amene anali atasiya kuphunzitsa kuyambira 2011. Mu August 2023 Reinsdorf anachotsa akuluakulu aŵiri a mu ofesi, Ken Williams ndi Rick Hahn, amene anali atakhala pamenepo zaka zoposa 20. Anthu anayembekeza kuti tsopano kubwera maso achilendo. Koma masiku 9 okha atapita iye anakweza Chris Getz, munthu wam'nyumba momwemo, amene kuyambira 2017 ankayang'anira nazale ija. Amene munda wake wa mbande unalephera anapatsidwa munda wonse. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.

Chilungamo chifuna kuti mbali inayo imvekenso. Ndi Reinsdorf yemweyo, ndi Williams yemweyo, amene mu 2005 anabweretsa ku Chicago chikho cha World Series chimene timuyi inali isanachione chiyambire 1917. Ndiponso kugulitsa katswiri kuti upeze anyamata anayi si uchitsiru nthaŵi zonse. Houston Astros inagonja maseŵero oposa 100 zaka zitatu zotsatizana, kuyambira 2011 mpaka 2013, kenaka nkukhala timu yoopsa kwa zaka zambiri. Detroit inagonja 119 mu 2003 nifika mu World Series mu 2006. Mets ija ya 1962 inatenga chikho mu 1969. Nayonso White Sox, itapereka Crochet ku Boston mu December 2024, inalandira anyamata anayi, ndipo mu 2025, pansi pa mphunzitsi watsopano Will Venable, inapambana maseŵero 60, kuposa chaka chatsoka chija ndi 19. Zonsezi nzoona. Koma kugonja 102 sikuchira, ndipo mbiri ya 2016 ikuchenjeza kuti kusonkhanitsa anyamata aluso ndi theka chabe la ntchito. Theka linalo ndilo kuŵaphunzitsa, kusamala matupi awo, ndi kukonzeratu ena kumbuyo kwawo.

Pali chinthu chinanso chimene okonda mpira wamiyendo angadabwe nacho. Mu mpira wamiyendo timu yotsirizira imatsitsidwa mu ligi, ndipo mwini wake amamva kuŵaŵa m'thumba. Mu baseball ya ku America mulibe lamulo lotere. Timu yogonja 121 imabwereranso chaka chamaŵa pamalo pomwepo, nilandirabe gawo lake la ndalama za wailesi yakanema zimene ligi imagaŵira matimu onse. Choncho chilango cha zosankha zoipa chimagwera ena: woseŵera wachinyamata amene wakwezedwa asanapse nataya chikhulupiriro mwa iye yekha, mphunzitsi amene wachotsedwa chifukwa cha timu imene sanaisankhe, ndi anthu wamba akumwera kwa Chicago amene amalipira pakhomo kuti akaonere kugonja. Pamene wosankha sakhudzidwa ndi zotsatira za kusankha kwake, kukonza kumachedwa.

Aphunzitsi sangavutike kuzindikira chithunzi chimenechi. Sukulu imene imadalira ana aŵiri kapena atatu anzeru zobadwa nazo ingatchuke chaka chimodzi, koma anawo akachoka mbiri imachoka nawo, chifukwa mphamvu ya sukulu ili m'makalasi apansi kumene ntchito siioneka ndipo palibe woombera m'manja. Zotsatira zikaipa nkosavuta kuloza chala mphunzitsi wa kalasi lomaliza, monga momwe analozera Grifol, pamene chilemacho chinayamba zaka zambiri m'mbuyo. Wotsiriza sukulu nayenso ali ndi chake chotola. Nkhani ya Crochet ndi Kopech ikuonetsa kuti manambala olembedwa pa dzina la munthu amanenanso za malo amene munthuyo anali, ndipo wolephera pamalo pena angathe kuŵala kwina ngati apeza omphunzitsa bwino. Koma ikuonetsanso kuti luso losasamalidwa limatha msanga, monga linathera la anyamata ena amene anapatsidwa makontrakiti a mamiliyoni a madola asanaseŵere ndi kamodzi komwe mu ligi yaikulu.

Mlandu wa 2024, tsono, uli kwa amene anali ndi mphamvu yosankha, ndipo waukulu uli pa mwini timu, pakuti mutu ukakula sulewa nkhonya. Oseŵera anavulala ndi kulephera, mphunzitsi analephera, koma amene anamanga timu yopanda oloŵa m'malo, nanyalanyaza nazale, nakana kufunsa nzeru kunja, ndiwo anakonza njira ya kugonja 121. Muyeso woona wa kuchira kwa White Sox udzakhala tsiku limene mnyamata woleredwa m'nazale yake adzavulala, wina woleredwa momwemo nkuloŵa m'malo mwake, timu nkupitirira kupambana.