Ubalewu sutsika Khwekhwerere

Kuno kwa Kachindamoto, kuyambira ku Golomoti, kudzera pa Mua mpaka ku Mtakataka, dziko la China timalidziwa ndi katundu wake. Foni ya itel m'thumbamu, tochi, kasola ka padenga, njinga yamoto ya kabaza, loko wa pachitseko, zonsezi n'zochokera komweko. Sitikana, zatithandiza, chifukwa kale foni inali ya mabwana okha. Chimene chatitopetsa n'kumva tsiku ndi tsiku pa wailesi kuti ubale wa Malawi ndi China ukupindulira mbali zonse ziwiri, pomwe mbali yathu ya kuchigwa kuno, kumunsi kwa msewu wa Khwekhwerere, sitikuiona.

Ubalewu unayamba mu Disembala 2007, a Bingu wa Mutharika atasiyana ndi Taiwan, amene anatimangira chipatala chachikulu cha Mzuzu. Zotsatira zake aliyense akuzidziwa: Nyumba ya Malamulo ku Lilongwe, malo a misonkhano a BICC, bwalo la masewero la Bingu lomwe linatsegulidwa mu 2017, sukulu ya ukachenjede ya MUST ku Thyolo, msewu wa Karonga ndi Chitipa. Zina zinali mphatso, zina ndi ngongole ya ku banki ya Exim ya China. Ambirife bwalo la Bingu sitinapondemo, koma ngongole yake ndi ya tonse. Sitikunena kuti China ndiye anagwetsa kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Tikunena kuti ngongole zakunja zimabwezedwa ndi ndalama zakunja, ndipo ndalamazo zikasowa, feteleza, mafuta ndi mchere zimadula pa Golomoti pomwepa.

Bala lenileni lili pa thonje. Mlimi wa kuno amabereka sipuleya kumsana, kupopera mankhwala kambirimbiri mpaka maso kuyabwa. Amatola thonje m'dzuwa lowotcha la kuchigwa, zala zitabayidwa ndi makoko, kenako banja lonse limakhala pamkeka pansi pa mtengo wa mango kuchotsa zinyalala ndi loderako. Boma limalengeza mtengo woyambira. Koma mukafika pasikelo mumauzidwa kuti thonje lanu ndi la giredi yachiwiri, kenako adule ngongole ya mbewu, adule ya mankhwala. Mayi wina amabwerera kunyumba ndi ndalama yosakwana fizi ya mwana mmodzi wa ku sekondale. Ogula thonje alipo amitundu yosiyanasiyana, a ku China ali m'gulu lomwelo, ndipo khalidwe lawo pasikelo silisiyana kwenikweni. Chotipweteka n'choti thonje limachoka kuno pamtengo wolira, malaya n'kubwera kuchokera kutsidya la nyanja pamtengo woti tigulitse mbuzi. N'chifukwa chake m'minda yambiri ya thonje lero mwadzalidwa zina.

Tinamva kuti kuyambira pa 1 Disembala 2024 China anachotsa msonkho pa katundu wochokera kumayiko osaukitsitsa, Malawi ali momwemo. Nkhani yabwino ndithu. Nanga mlimi wa ku Mtakataka akalowera khomo liti? Palibe amene wabwera kudzatikhazika pansi n'kutiuza mbewu imene ikufunika, mtengo wake, ndi kokagulitsa popanda kudzera kwa mavenda.

Boma la China limanena poyera kuti sililowerera ndale za m'mayiko ena, ndipo silipereka thandizo ndi ziphunzitso za ufulu wachibadwidwe monga amachitira azungu. Atsogoleri athu amakondwa nazo zimenezi, popeza palibe wowafunsa mafunso. Ndiye wotiyankhulira ife ndani? Mu 2022 BBC inaulula za Mtchaina wina, Lu Ke, amene ana a ku Njewa ku Lilongwe ankamutcha Susu. Ankajambula ana a kumudzi akuimba ndi kunena mawu a Chitchaina amene sankawamva, ena mwa mawuwo onyoza khungu lawo lomwe, n'kumagulitsa mavidiyowo kwawo. Anathawira ku Zambia, anamugwira ku Chipata, ndipo mu 2023 khoti linamupatsa miyezi 12 n'kumulamula kuti achoke m'dziko muno. Ofesi ya kazembe wa China inadzudzula mchitidwewo, zimenezo tinazimva. Koma ife ndife anthu a malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, mayi amene anathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kuchotsa paudindo mafumu olekerera. Anatiphunzitsa kuti mwana wa mmphawi si malonda. Kwa anthu ophunzitsidwa chotero, miyezi 12 ndi yochepa kwambiri.

Palinso Mtchaina wina, Lin Yunhua, amene mu 2021 anagamulidwa zaka 14 pamlandu wa nyanga za chipembere ndi kubisa ndalama zopeza mwachinyengo. Mu Julayi 2025 tinamva kuti wakhululukidwa ndi Pulezidenti wa nthawiyo. Mnyamata wathu akagwidwa ndi matumba awiri a makala ochokera m'nkhalango ya Mua-Livulezi amalandidwa njinga, mwinanso kukalowa m'ndende, ndipo dzina lake silimveka kulikonse.

Mkwiyo wathu waukulu uli pa atsogoleri athu, chifukwa Mtchaina amakambirana zokomera kwawo, ndipo ndi ntchito yake. Aphungu athu abwere nawo mapangano a ngongolewo, atiwerengere m'Chichewa pabwalo la mfumu: tinakongola zingati, tidzabweza mpaka liti, tinalonjeza chiyani. Ndipo nyengo yogula thonje ikafika, alangizi ndi a Cotton Council adzaime pambali pa sikelo, osati kumangolengeza mitengo ali ku ofesi.