MBIRI YA DZIKO SIYESEDWA PA SIKELO

Munthu woyenda m'makwalala a Kaunda Square mu mzinda wa Lusaka, kapena ku Mtendere ndi ku Chawama, sangalephere kuona magalimoto akale atakhazikidwa pa njerwa kuseri kwa nyumba. Ena ndi Peugeot 504, ena Datsun 120Y, ena Land Rover, ndipo mwa kamodzikamodzi ipezekako Fiat kapena Volkswagen ija ya msana wa kamba. Nkhuku ziikiramo mazira ndipo ana aseweramo. Kumidzi nakonso aliko, pakuti makolo ambiri atapuma pa nchito anabwerera ku Petauke, Katete, Chadiza ndi Lundazi ndi magalimoto ao, ndipo lero agona pansi pa mitengo ya mango.

Masiku ano ogula zitsulo zakutha afika paliponse ndi masikelo ao. Iwo safunsa caka cimene galimoto inapangidwa kapena kumene inayenda. Angoidula zidutswazidutswa, nayesa kulemera kwake, nalipira pa kilo. Ine ndinena kuti tiyenera kuganiza kawiri tisanalole zimenezi, cifukwa pakati pa magalimoto amenewa pali ena amene asenza mbiri ya dziko lathu la Zambia.

Acinyamata ambiri sadziwa kuti kale magalimoto anali kumangidwa m'dziko mwathu muno. M'caka ca 1972 fakitale ya Livingstone Motor Assemblers inayamba kutulutsa magalimoto a Fiat. Zipangizo zinali kucokera ku Italy, koma manja ozilumikiza anali a ana a Zambia. Mmenemo munatuluka Fiat 127, 131 ndi 132, ndipo pambuyo pake Peugeot 504. Ku Ndola kunali kumangidwa ma Land Rover, monga momwe ku Chipata kunali kupangidwa njinga za Eagle. Fakitale ya ku Livingstone inatsekedwa kale, motero Fiat iliyonse yomangidwa kumeneko ikalowa m'ng'anjo, palibenso ina yodzalowa m'malo mwake.

Tikumbukirenso malole. Pamene Ian Smith analanda ulamuliro wa Rhodesia mu November 1965, mafuta analeka kutifika kudzera kumwera. Madalaivala olimba mtima ananyamula migolo ya petulo kucokera ku Dar es Salaam pa mseu wa matope ndi fumbi umene unachedwa Hell Run cifukwa ca kuopsya kwake, kufikira paipi ya TAZAMA inatha kumangidwa mu 1968. Ambiri anataya miyoyo panjira. Kodi lole imodzi ya masiku amenewo siyenera kuima pamalo aulemu kuti adzukulu aione? Nanga basi ya UBZ, imene inatinyamula pa mseu wa Kum'mawa kuoloka Luangwa kufikira kampaniyo inatha mu 1995?

Kuti galimoto ingakhale cuma ca mtundu tinazindikira kale. Pa nyumba nambala 394 ku Chilenje, m'mene malemu a Kenneth Kaunda anakhala kuyambira 1960 kufikira 1962, panasungidwa Land Rover imene anayenda nayo pomenyera ufulu. Galimotoyo inatenthedwa pa cipolowe ca mtengo wa ufa mu June 1990, ndipo cimeneci citiphunzitsa kuti cinthu cakale cikaonongeka sicibwereranso monga cinalili. Ku Livingstone kulinso malo osungirako masitima akale a malasha. Ngati sitima ya pamtunda inapatsidwa ulemu wotere, cifukwa ninji galimoto imene inanyamula odwala, aphunzitsi ndi alangizi a zaulimi iyesedwa cinyalala?

Ubwino wa magalimoto amenewa suli pa mbiri pokha ai. Anamangidwa molingana ndi miseu yathu. Peugeot 404 inapambana mpikisano woopsya wa East African Safari kanai, mu 1963, 1966, 1967 ndi 1968, ndipo Peugeot 504 inapambananso mu 1975. Land Rover, imene inayamba kupangidwa ku Britain mu 1948, ili ndi thupi la aluminiyamu losagwira dzimbiri. Cimeneci ndico cinaisunga zaka zambiri, koma ndiconso ciiphetsa lero, pakuti oumba mapoto afunitsitsa citsulo cimeneco. Injini za magalimoto otere ziribe makompyuta. Makanika wa pansi pa mtengo aimvetsera ndi khutu, nadziwa pamene padwala, naikonza ndi sipanala.

Pamenepa ndifuna kuyamika amisiri athu. Ku maiko a azungu munthu wosintha galimoto kuti ikhale ya maonekedwe akeake alemekezedwa, ndipo nchito yake ionetsedwa pa zionetsero. Kuno luso limeneli tiri nalo, koma sitilicha luso. Taonani ngolo zambiri za ng'ombe kumidzi kwathu: pansi pake pali mawilo ndi citsulo ca galimoto imene inaleka kuyenda kalekale, koma ikali kututa cimanga, nsawa ndi thonje. Taonani wilibala ya Zamcab m'misika ya Lusaka, imene iyenda pa tayala la galimoto nisenza matumba olemetsa. Taonani owocherera zitsulo a ku Kalingalinga, m'mbali mwa mseu wa Alick Nkhata. Manja amene acita izi angathenso kuutsa Fiat yakufa, malinga apatsidwe mpata ndi malipiro.

Wina adzati, "Kodi munthu wosowa feteleza ndi ndalama za sukulu asunge bwanji galimoto yosayenda?" Funso limeneli ndi loona, ndipo sindinena kuti cigoba ciriconse cisungidwe. Galimoto yowolerana, yodzala madzi oswetsa udzudzu ndi yobisa njoka, ipite ndithu kwa ogula zitsulo, kapena mawilo ake apangire ngolo. Koma imene ikali ndi injini, magalasi ndi mapepala ake ndi nkhani ina. Wogula pa sikelo alipira kulemera kokha, pamene wokonda magalimoto akale alipira ukalamba ndi kusowa kwake. Ngakhale nyali imodzi kapena citseko ca galimoto yosowa cingagulidwe bwino ndi munthu amene akonza inzake. Akulu anati safunsa anadya phula. Musanagulitse, funsani amakanika awiri kapena atatu, ndipo musacite zinthu mofulumira cifukwa mlendo waonetsa ndalama.

Kusunga galimoto yotere sikulira cuma cambiri. Iikeni pa njerwa kuti matayala asakhudze nthaka. Imangireni kadenga ka udzu kapena malata, pakuti mvula ndi cinyontho ndizo zibala dzimbiri. Cotsani batire, tsekani mazenera, ndipo musasungiremo cimanga, cifukwa makoswe adya mawaya ndi mipando. Koposa zonse, sungani buku la galimoto ndi kuteteza nambala yodindidwa pa injini ndi pa citsulo ca pansi, popeza izi ndizo umboni wa mwini ndi wa caka cake. Amene afuna kuiyendetsanso pa mseu, kapena amene anaisintha mamangidwe, apite nayo kukapimitsa ku RTSA. Kukongola kwa galimoto yopanda mabuleki ndi cikomekome ca mkuyu.

Pomariza ndipempha a National Heritage Conservation Commission ndi oyang'anira nyumba yosungiramo zakale ya Lusaka National Museum kuti afunefune galimoto imodzi ya mtundu uliwonse womangidwa m'dziko muno, nthawi isanathe. Masukulu ophunzitsa umakanika atenge magalimoto otere kuti ophunzira aphunzirirepo powautsa. Okonza zionetsero za ulimi m'maboma apatuleko malo a magalimoto akale ndi ngolo zomangidwa mwaluso, ndi kupereka mphotho kwa mmisiri wopambana. Mafumu ndi anyakwawa nawonso athandize kudziwitsa anthu ao, pakuti mutu umodzi susenza denga.

Inu a kumudzi amene muli ndi galimoto ya atate kapena ya ambuye pakhomo, khalani pansi ndi akulu amene akali moyo. Lembani caka cimene inagulidwa, nchito imene inagwira ndi maulendo amene inayenda, ndipo pepalalo mulisunge pamodzi ndi buku lake.